Botolo la Mafuta Odzola Limene Linandichotsa Ulemu

Lachitatu lapitali, m'mawa wonse ndinathera m'kabati ya zovala. Ndinakhala chonyonyomala pakati pa jekete yanga ya kutchalitchi ndi zitenje za mayi a kunyumba, chitseko chili chotseka, dzanja lina litagwira foni, lina likufinya botolo la mafuta odzola.

Musathamangire kukaitana abusa. Mutu wanga ukuyenda bwino. Amene anandilowetsa m'kabatimo ndi Tadala, mwana wa mlongo wanga.

Tadala amakhala ku Blantyre, ndipo ntchito yake ndi yoyendetsa zithunzi pa kompyuta. Mukaona pa TV tsamba likugwa mwaulemu, kapena zilembo zikutsika kumwamba n'kudzindandalika zokha, dziwani kuti pali munthu amene anakhala pansi masiku angapo akuuza tsambalo kuti tembenuka apa, ima apa, tsopano gwa. Munthu wake ndi ngati Tadala. Mayi ake anayesa kumvetsa ntchitoyi mpaka anatopa, ndiye masiku ano amangouza anthu kuti mwana wawo amakonza ma TV.

Anabwera kuno ku Thyolo chifukwa cha gulu lina la amayi a ku Khonjeni. Amayiwa amapanga mafuta odzola kuchokera ku mapeyala ndi masamba a tiyi, ndipo anawatcha dzina lakuti Mame. Ankafuna kakanema kotsatsa malonda, ka theka la mphindi basi, koti azitumizirana pa foni komanso kukaonetsa pamsika Loweruka. Koma anaikapo lamulo limodzi: osaona akamve, osamva akaone. Aliyense atuluke akudziwa kuti mafutawa ndi otani.

Kwa Tadala iyi inali ntchito yoyamba kuigwira m'dzina lake, osati la abwana ake. Anandiuza ali pakhomo penipeni, chikwama chisanatsike kumsana, kuti, "Amalume, izi zikakanika ndibwerera kukapanga makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro mpaka imvi."

Zithunzi anali atamaliza kale. Chimene chinatsala ndi maphokoso. Ndipo popeza ine ndinagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cholawira tiyi ku fakitale ya pa esiteti, kumene ntchito yathu inali kukoka tiyi ndi milomo mwaphokoso n'kumulavula, Tadala anaganiza kuti m'banja mwathu katswiri wa phokoso ndine. M'kabati, akuti, zovala zimameza maphokoso ena onse, a nkhuku ndi a kabaza omwe, n'kutsala lokhalo limene ukulifuna.

Ndinafinya botolo lija kokwana kakhumi ndi kawiri, foni ikujambula phokoso lake. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, koma wonyadira.

Madzulo a tsikulo anandionetsa kanema yense. Abale, anali bwino. Tsamba la tiyi likuzungulira m'mwamba, likusanduka dontho, donthoyo likugwera padzanja la mayi, botolo likutulukira ngati dzuwa kuseri kwa phiri, kenako zilembo zinayi za dzina lija zikudumphadumpha. Pansi pali mawu olembedwa. Pakona pali mayi womasulira m'chinenero chamanja. Ndipo mawu a mnyamata wina wa pakhosi posalala akunena kuti, "Mkazi wokongola akudzola mafuta okongola pakhungu lake lokongola."

Ndinaomba m'manja. Tadala anati tisaombe kaye, eni ake sanaone.

Lachinayi tinakwera kabaza wa ku Khonjeni, laputopu ili pamiyendo pa Tadala, sipika ili pamiyendo panga. Amayi a gulu anatilandirira pakhonde pa nyumba imene amapangiramo mafuta, ndipo oweruza athu anali awiri.

Woyamba anali mayi Felisita. Anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka pamene maso anasiya kuona. M'gululi ndi iwo amene amanena kuti mafuta apsa kapena ayi. Amanunkhiza, n'kupaka pang'ono pakati pa zala ziwiri, ndipo akapukusa mutu palibe amene amatsutsa. Wachiwiri anali a Dyson, mmisiri wa matabwa amene amakhomera amayiwa mabokosi. A Dyson ndi osamva chibadwire. Amalankhula ndi manja, ndipo kwa ife osaphunzira amatilembera m'kabuku kamene amayenda nako m'thumba la malaya.

Ndiulule tchimo langa loyamba. Popereka moni kwa mayi Felisita, ndinakuwa ngati ndikuitana munthu wa tsidya lina la mtsinje. "MWADZUKA BWANJI, MAYI?"

"Tadzuka," anatero. "Koma makutu anga ali bwino, bambo. Kapena anali bwino mpaka pano."

Ndi manyazi ndinatembenukira kwa a Dyson, n'kuwapatsa moni wonong'ona, nkhope itayang'ana pansi. Iwo anangondiyang'ana pachipumi, kudikira kuti mwina ndidzutsa mutu aone milomo. Mwaona nzeru za munthu wopuma pantchito? Kukuwira osaona, kunong'oneza osamva.

Tadala anayatsa kanema. Kang'oma kanayamba kulira, tsamba linayamba kugwa, mnyamata uja anayamba kukongoletsa zinthu zake. Kenako botolo linatulukira, ndipo sipika inatulutsa ntchito ya manja anga.

"Imitsani," anatero mayi Felisita.

Tadala anaimitsa.

"Ndani ameneyo?"

"Ndani uti, amayi?"

"Amene waipitsa mpweya. Pano pali akuluakulu, pali alendo. Munthu amadzuka n'kupita kuseri."

Tadala anati mwina mayiwo sanamve bwino, abwerezenso. Anabwereza. Ndipo nthawi imeneyi, popeza tonse tinatseka maso kuti timve ngati mmene akumvera iwo, tinalimva bwinobwino. Phokoso lalitali, lonyowa, lothera m'mwamba ngati likufunsa funso.

"Wabwerezanso!" anatero mayi Felisita. "Ameneyu alibe mwambo."

"Amayi, ndi botolo," Tadala anayankha. "Ndi mafuta akutuluka m'botolo."

"Ndiye botolo lanulo ladya kalongonda."

Amayi a gulu anagwa ndi phwete. Wina anathawira kuseri kwa nyumba, wina anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Tadala, mwana amene ndinamubereka kumsana ali wakhanda, anandiloza ndi chala n'kunena kuti, "Anajambula ndi amalume. Anadzitsekera m'kabati."

Mayi Felisita anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Bola anadzitsekera. Pamenepo ndawapatsa ulemu."

Nthawi yonseyi a Dyson ankangotiyang'ana, wina kenako wina. Iwo pakanema anawerenga mawu akuti, "Kumveka kwa mafuta akutuluka mofewa," ndipo sanaone choseketsa. Anatulutsa kabuku kawo n'kulemba kuti, "Mukuseka chiyani?"

Tadala sakanatha kugwira cholembera chifukwa cha phwete. Amayi onse anayang'ana ine. Ndipo ine, m'malo molemba ngati munthu wopita kusukulu, ndinaganiza zoti ndiwasonyeze luso langa la chinenero chamanja. Ndinaloza sipika, ndinadziloza pachifuwa, ndinapendeketsa thupi mbali imodzi, ndinagwira mphuno n'kukupiza dzanja kumbuyo.

A Dyson anandiyang'ana ndi chifundo chachikulu. Analemba kwa kanthawi, n'kundipatsa kabuku. Munali mawu akuti, "Zimachitika, bambo. Imwani madzi ofunda."

Anasunthanso mpando wawo pang'ono.

Titatha kupukuta misozi, Tadala anawalembera a Dyson nkhani yonse, nawonso anaseka mpaka kumenya bondo. Koma kuseka kutatha, anapempha kuti awaonetsenso kanema, ndipo apa m'pamene nkhope ya mwana wa mlongo wanga inayamba kugwa.

Poyamba anatulutsa bokosi la machesi m'thumba n'kuliika pakona pa laputopu. Mayi womasulira uja anasowa yense, mutu, manja ndi chigongono chomwe. A Dyson anatambasula manja awo aakulu a ukalipentala, n'kutiyang'ana ngati akufunsa kuti, ndiye ine ndimve bwanji munthu wokwana m'bokosi la machesi?

Kenako analemba za zilembo zodumphadumpha zija. "Zikuthamanga ngati zaba. Ndaonera katatu. Dzina la mafuta ndi AMME kapena EMAM?"

Chomaliza anagwira sipika ndi chikhatho, maso ali pakanema. Ankamva kugunda kwa ng'oma kudzera m'dzanja. Analemba kuti ng'oma ikupita kwina, tsamba likuvina kwina, ngati mlendo amene walowa m'bwalo la tchopa asanaphunzire.

Mayi Felisita nawo anali asanamalize. Anati, "Mwana wanga, mnyamata wakoyo wanena kuti kukongola katatu. Ine kukongola ndinakuona kale, ndikukudziwa. Koma sanandiuze kanthu. Mafutawa ndi ozizira kapena ofunda? Amamata ngati a galimoto kapena amalowa m'khungu? Amanunkhira chiyani? Mwawatcha Mame, koma mame ake ali kuti m'menemu? Ine ndangomva ng'oma, mnyamata wofuna kukwatira, ndi amalume ako."

Tadala anatseka laputopu mwakachetechete. Tinabwerera pa kabaza mpaka tinafika pa minda ya tiyi ya kufupi ndi kwathu. Pamenepo anati, "Amalume, ndinawerenga zonse zimene amalemba za mmene kanema wotere ayenera kukhalira. Zonse ndinaikamo. Mawu olembedwa alimo, womasulira alimo, wofotokoza zithunzi alimo."

Ndipo zinalimodi. Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, inu ndi ine.

Kodi si mmene timachitira tonse? Timamanga njira ya njinga ya olumala pakhomo la ofesi, yotsetsereka ngati phiri la ku Thekerani, yoti munthu akaitsika akaima m'ngalande. Tikamaliza timajambulitsa chithunzi titaima pambali pake. Kodi tinamuitana mwini njinga kuti ayese kukwera tisanathire simenti? Ayi. Tinkafuna kumudabwitsa. Ndipo amadabwadi.

Kutchalitchi kwathu timawaika osamva pampando wakutsogolo, mwaulemu wonse, kenako mlaliki amalalikira akuyendayenda, nthawi zambiri atawafulatira. Tikatuluka timawagwira chanza n'kumafunsa ngati adalitsika.

Tsono pa nkhani ya zodzoladzola ndiye timanyanyira. Mumtima timaganiza kuti mayi wosaona alibe nazo ntchito zodzikongoletsa, ngati kuti khungu limafuna maso kuti liume. Timaiwala kuti mafuta sadzoledwa ndi maso. Mayi anga ankagula mafuta pa golosale ya pa esiteti, ndipo sindinawaonepo akuyang'ana chithunzi cha pabotolo. Ankatsegula, kununkhiza, kupaka kuseri kwa dzanja, wogulitsa akuyang'ana kumbali monyinyirika. Ngakhale ife olawa tiyi, ndi mayunifolomu athu oyera, maso ankangotiuza mtundu. Zenizeni zinkanenedwa ndi mphuno ndi lilime. Nanga zinatheka bwanji kuti ine, wa ntchito imeneyo, ndiombere m'manja kanema wa mafuta wopanda fungo, wopanda kuzizira, wopanda kanthu kena koma tsamba lovina?

Yankho ndi losavuta ndipo ndi lochititsa manyazi. Ndinaonera ndi maso, maso anakhuta, n'kuuza makutu kuti gonani. Phokoso lija ndinalimva kakhumi ndi kawiri m'kabati, koma popeza botolo linali m'dzanja langa, ndinkamva botolo. Zinatengera munthu amene sakuliona botololo kuti atiuze chimene dziko lonse likanamva.

Tangoganizani akanapanda kutiuza. Kanemayo akanayenda pa mafoni kuchokera ku Khonjeni mpaka ku Joni. Mafuta a amayi aja akanapatsidwa dzina lina, ndipo inu mukulidziwa dzinalo.

Lachisanu m'mawa Tadala anandidzutsa tambala atangotsika. Tinabwerera ku Khonjeni, koma ulendo uno laputopu anaiika patebulo pakati pa mayi Felisita ndi a Dyson, iye n'kukhala ngati kalaliki wongolandira malamulo.

Za botolo zinatha msanga. Mayi Felisita anafunsa kuti ndinafinya botolo lotani. Ndinati la mayi a kunyumba, lotsala pang'ono kutha. "Ndiye mumayembekezera chiyani? Botolo lopanda kanthu ndi mpweya wokhawokha. Komanso wakuuzani ndani kuti mkazi amamvetsera botolo? Bweretsa foniyo kuno." Anapaka mafuta m'zikhatho n'kuzipukutitsa pafupi ndi foni, pang'onopang'ono. Kanaphokoso kake kanali kofewa, konga ka munthu akusisita mwana kumsana. Anatumanso mayi wina kukathyola nsonga ya tiyi kumunda kwake, n'kuithyolera pafupi ndi foni. Aliyense wokulira kuno amakadziwa kaphokoso kameneko.

Mnyamata wa pakhosi posalala anachotsedwa ntchito asakudziwa. M'malo mwake analankhula mayi Felisita eni ake, ndi Chichewa chawo chokoka ku Chilomwe. Sanalembe kanthu. Anangoti, "Ukalowa m'munda m'mawa, tiyi amakunyowetsa m'mikono, kozizira, ndipo dzuwa likatuluka khungu limatsala lofewa. Mafutawa ali choncho. Amanunkhira tsamba longothyola kumene. Samata. Dzola, ukagwire ntchito zako."

A Dyson anaima kumbuyo kwa Tadala, dzanja lina pasipika, lina m'mwamba ngati wotsogolera kwaya. Ng'oma ikagunda, ankatsitsa dzanja, ndipo Tadala ankakokera tsamba lija kuti litembenuke pomwepo. Likafulumira ankamugogoda paphewa. Anakangana kwa ola lathunthu za zilembo. Tadala ankafuna zidumpheko ngakhale kamodzi, chifukwa akuti kudumphako kunamutengera masiku awiri. A Dyson analemba kuti, "Zidumphe zikaweruka." Pomaliza anagwirizana kuti zilowe chimodzichimodzi, ziime chilili mpaka munthu awerenge kawiri, ndipo kanema akamatha chilembo chomaliza chokha chigwedezeke pang'ono, kuti mtima wa Tadala ukhale pansi. Mayi womasulira anatulutsidwa pakona n'kupatsidwa theka lonse la kanema.

Ine ndinapatsidwa ntchito yothamangitsa nkhuku.

Loweruka pamsika anaimika TV yobwereka patebulo la a Dyson, pafupi ndi ogulitsa nthochi. Amayi a gulu anaika botolo lotsegula pambali kuti woonera azinunkhiza ndi kupaka, ndipo ili linali ganizo la mayi Felisita, amene anati kanema ngakhale atakoma bwanji alibe mphuno. Anthu anaunjikana. Tsamba linagwa motsatira ng'oma, mawu a mayi Felisita anamveka msika wonse, ndipo mayi wina wothyola tiyi amene anaima pafupi nane anadzisisita pamkono osadziwa kuti akutero. Anzawo awiri a a Dyson, osamva ngati iwo, anaonera kamodzi kokha n'kuyamba kukambirana ndi manja mofulumira, wina akuloza botolo. Mdala wina wa njinga yamoto anapaka mafuta oyesa aja kumaso konse mpaka m'khosi, n'kunena kuti akuyesera akazi awo.

Tadala anaima kumbuyo kwa gulu, manja ali pakamwa. Makadi a ukwati ayamba adikira.

Tikupakira katundu, kunabwera mayi wina wovala bwino, wa chikwama chonyezimira, wooneka kuti sukulu anapita nayo patali. Anati kanemayo wamukhudza mtima kwambiri. Mayi Felisita anali ataima pambali panga, phewa ndi phewa. Mayi uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi amayiwa amadzolanso okha?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi Felisita anandigwira pamkono.

"Ayankheni, bambo," anatero. "Mwina inu mukudziwa kumene ndinaika nkhope yanga."

Mayi uja anaseka kuseka kopanda mano, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zogula kutsidya kwa msewu. Ine sindinamuseke kwambiri, chifukwa masiku awiri okha m'mbuyomo ndinali mnzake.

Ndiye ndikufunseni inu amene mukumanga, mukujambula, mukulemba kapena mukukonzera ena zinthu zabwino sabata ino. Mwini wake wa chinthucho ali pomwepo, phewa ndi phewa ndi inu. Mukufunsa ndani?